Tsiku limene amayi anaona nyanja ya Chilwa ali pamwamba pa phiri la Zomba

Amayi anga anabadwira kufupi ndi Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo phiri la Zomba akhala akuliona kuyambira ali kamtsikana. Likachita bii kumutu ankadziwa kuti mvula ili pafupi, n'kuthamangira kukaanula ufa. Madzulo dzuwa linkalowera kuseri kwake. Koma mpaka imvi kuchita mbuu m'mutu, anali asanapondeko pamwamba pake. Inenso chimodzimodzi. Ndinkadutsa m'munsi mwake pa minibasi popita kumudzi, n'kumangoliyang'ana pawindo, mumtima muli zoti kumeneko n'kwa azungu ndi mabwana a magalimoto akuluakulu.

Ndikulembera munthu amene ali ndi Loweruka ndi Lamlungu lokha, amene thumba lake ndi lopepuka ngati langa, koma mutu watopa ndi fumbi ndi phokoso la m'tauni. Ulendowu ndi wotheka. Ife tapitako kawiri, ndipo ndiyamba ndi ulendo woyamba umene unatithera moipa, chifukwa zambiri zimene ndingakuuzeni ndinaziphunzira tsiku limenelo.

Unali mwezi wa Julaye. Tinangopangana Lachisanu usiku ndi akunyumba kuti mawa tikapitidwe mphepo ku Zomba, ana tiwasiye ndi achemwali anga. Loweruka m'mawa tinayamba ndi zochapa, kenako kumsika, kenako kudikira kuti minibasi idzadze ku Limbe. Pamene tinkadutsa pa Njuli n'kuti dzuwa lili paliwombo. Pa Namadzi tinaima, pa Thondwe tinaimanso nthawi yaitali, kondakitala akukweza matumba a kabichi. Mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Zomba sukwana makilomita 70, koma tinafika nthawi itadutsa 2 koloko masana.

M'tauni munali kadzuwa kofunda bwino. Ine ndinali nditavala shati ya manja aafupi, akunyumba anali ndi kajuzi kopyapyala ndi chitenje. Tinakwera njinga zamoto ziwiri. Msewu wokwera phiri ndi wa tala koma ndi wopapatiza, wokhotakhota, mbali imodzi khoma la miyala, mbali inayo phompho. Titafika chapakati mphepo inasintha. Wakabaza wanga anatembenuka pang'ono n'kunena kuti, "Achimwene, jekete mulibe? Kumwambaku lero kwagwa chiperoni." Ndinayankha kuti sitikakhalitsa.

Tauni ya Zomba ili pa mamita osakwana 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Malumbe, imene ndi yaitali kuposa zonse paphiripo, imapitirira mamita 2,000. Ndiye kuti munthu ukamakwera ukulowa m'nyengo ina ndithu. Mu Juni ndi Julaye pamawonjezera chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu zimene zimabwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique, komwe kuli phiri la Chiperone limene linapereka dzinali. Ukakhala pansi umangoona ngati mtambo wakhala pamutu pa phiri. Ukalowamo ndi pamene umadziwa kuti mtambowo ndi madzi ozizira olowa mpaka m'mafupa.

Pa Ku Chawe, pamwamba pa phiri pamene pamakhala ogulitsa ziboliboli ndi zipatso, anyamata atatu anabwera kudzatifunsa ngati tikufuna wotiperekeza. Mmodzi anatiuza mwaulemu kuti nthawi yatha ndipo nkhungu ikutsika, ngati tikufuna kukaona mathithi a Williams ndi bwino apite nafe. Ndinakana. Ndinawerengera ndalama imene ananena n'kuona ngati ndi yongotaya, popeza njira inkaoneka yoonekeratu ndipo foni yanga inali ndi mapu. Tinagula kadengu ka masitiroberi n'kuyambapo.

Vuto la paphiri paja ndi lakuti misewu ndi yambiri kuposa imene ili pa mapu. Ocheka matabwa ndi malole awo amatsegula njira zawo, otola nkhuni alinso ndi zawo, ndipo m'kati mwa mitengo ya paini njira zonse zimafanana. Titayenda mwina ola limodzi, netiweki inathawa. Nkhungu inatseka moti mtengo umene uli mapazi khumi patsogolo unkangooneka ngati chithunzithunzi. Madzi tinkawamva akusokosera kwinakwake kumunsi, koma tikalowera kumene akumvekera, njira inkathera pa zitsa. Tinabwerera, n'kupeza mphambano imene sitinaikumbukire. Akunyumba anali atafunda chitenje kumutu, milomo ikunjenjemera, ndipo anangonena mawu amodzi okha: "Abambo, kukuda."

Mantha amene ndinamva pamenepo sindidzawaiwala. Tinalibe tochi, batire la foni linali litatsala pang'ono, ndipo kunyumba palibe amene ankadziwa mbali ya phiri imene tinalowera. Anatipulumutsa ndi amayi anayi amene anatulukira m'nkhungumo atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wawo. Tinawapatsa moni n'kuwauza kuti tasochera. Wamkulu pa onsewo anatiyang'ana kumapazi, nsapato zathu zili matope okhaokha, n'kunena kuti, "Pepani bambo. Kumene mukuloweraku mukanagona m'tchire. Tiyeni mutitsate." Anayenda patsogolo ndi mitolo yawo, ife opanda katundu tikuvutika kuwapeza, mpaka anatitulutsira pamsewu wa tala. Ndalama imene ndinawapatsa anayamba aikana kawiri.

Usiku umenewo tinagona m'nyumba ina yogona alendo m'tauni imene tinangoipeza mwachisawawa chifukwa kunali kutada. Madzi otentha kunalibe, bulangeti linali limodzi lopyapyala. Akunyumba anabwerako ndi chifuwa chimene chinatenga milungu iwiri. Mathithi sitinawaone, nyanja sitinaione, ndipo ndalama imene ndinkaumira ija inathera ku mankhwala. Akuluakulu aja ananena zoona kuti safunsa anadya phula.

Panapita miyezi khumi tisanayerekezenso. Chimene chinandibwezera kumeneko ndi amayi. Atabwera ku Blantyre kudzaonana ndi adokotala a maso, ndinawafotokozera za kusochera kwathu, ndipo m'malo mondikalipira anangofunsa kuti, "Kodi ukakhala pamwambapo, kwathu kumaoneka?" Ndinalibe yankho. Ndinaganiza kuti maso awo asanafooke kwambiri, akadzionere okha.

Ulendo uno ndinakonzekera mosiyana, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse.

Choyamba ndinasankha mwezi. Amene amadziwa phirili anandiuza kuti kumwamba kumayera bwino mvula ikangosiya, chakumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi. Nthawi imeneyo fumbi limakhala lisanadzuke, anthu asanayambe kutentha tchire, mitsinje ikadali ndi madzi ambiri ndipo chiperoni chimakhala chisanafike pachimake. Mu Seputembala ndi Okutobala kumafunda ndithu, koma utsi wa moto wolusa umaphimba chigwa chonse moti Mulanje amasowa. M'dzinja namo misewu yafumbi ya pamwamba imaterera, ndipo phiri la Zomba ndi mvula yamphamvu zili ndi mbiri yake. Achikulire a kumeneko amakambabe za Napolo wa mu Disembala 1946, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola milatho ya m'tauni. Ife tinasankha sabata yachiwiri ya Meyi.

Chachiwiri, tinanyamuka Lachisanu madzulo titaweruka, kuti Loweruka litipeze tili kale m'munsi mwa phiri. Usiku umodzi wowonjezerawo umaoneka ngati wodula, koma ndi umene umakupatsani m'mawa, ndipo paphiri paja m'mawa ndiye nthawi yeniyeni. Mitambo imakonda kusonkhana masana. Malo ogona ndinawapeza sabata imodzi ulendo usanachitike, ndipo pafoni ndinafunsa zinthu zitatu mosachita manyazi: madzi otentha alipo, mabulangeti ndi angati pa bedi, ndipo magetsi akathima amatani. Pamwamba pa phiri pali hotela ya Sunbird Ku Chawe, nyumba zina zochita lendi ndi malo omangapo matenti, koma kwa banja la anthu asanu ngati lathu, kugona m'tauni n'kukwera m'mawa kunatipepukira. Mitengo ya zinthu masiku ano imasintha ndi mtengo wa mafuta, choncho imbani nokha mufunse m'sabata imene mukupitayo, ndipo mugwirizane mtengo musanakwere chilichonse.

Nkhani ya galimoto inandivutitsa maganizo. Munthu wamphamvu zake atha kukwera wapansi kudzera njira imene amaitcha Potato Path, imene alimi a mbatata ya kachewere amatsikira ndi katundu wawo popita kumsika. Imatenga maola awiri kapena kuposerapo ndipo ndi yotsetsereka zedi. Amayi sakanatha. Mlamu wanga anatibwereka pikapu yake, ife n'kuthira mafuta. Ngati inunso mukubwera ndi galimoto, dzadzani thanki musananyamuke, musadalire kuti mukapeza mafuta kutsogolo. Tala amathera chapafupi ndi Ku Chawe. Kupitirira pamenepo ndi misewu yafumbi ya miyala ndi makwawa, yofuna galimoto yokwera m'mimba. Kagalimoto kotsika kasiyeni pa tala muyende wapansi.

M'chikwama munalowa majuzi a aliyense, zipewa, masokosi owonjezera, tochi, fulasiki ya tiyi, mbatata yophika, mazira owiritsa, mtedza wokazinga ndi botolo la madzi la munthu aliyense. Ndinatenganso ndalama zogwirika, zosinthasintha, chifukwa netiweki ikasowa ndalama za pafoni sizikuthandizani, ndipo mnyamata wogulitsa zipatso sakhala ndi chenji.

Loweruka tinayamba kukwera 6 koloko itangodutsa. Pamsewu uja muziyendetsa pang'onopang'ono ndi kuliza hutala pa makona. M'mawa mumakumana ndi abambo akutsika ndi njinga zakapalasa zitasanjikizidwa nkhuni mpaka kupitirira mutu, mabuleki ake ndi nsapato yopondera pa tayala. Njinga yotero siingaime msanga, ndiye wagalimoto ndi amene uyenera kupatuka.

Pa Ku Chawe ndinatsika n'kufunsa wotiperekeza ndisanachite china chilichonse. Ndinayang'anayang'ana mnyamata amene ndinamukana chaka chatha uja kuti ndimupepese, koma sindinamuone. Amene tinapita naye anali bambo wa zaka za m'ma 40, wobadwira m'mudzi wina m'mphepete mwa phirilo. Asanatchule mtengo anayamba wawayang'ana amayi n'kufunsa kuti, "Agogo, miyendo ili bwanji? Tikayende kwambiri kapena pang'ono?" Amayi anati mawondo ndiwo amavuta potsika. Pomwepo anasintha dongosolo lonse limene ndinali nalo m'mutu. Anati tiyambe kutali, ku malo oonera chigwa, kusanachite mitambo, ndipo mathithi tidzawaone pobwerera dzuwa litatentha, kuti ana akathe kulowa m'madzi. Ndikanakhala ndekha ndikanayamba ndi mathithi chifukwa ndi apafupi, n'kukafika koonera chigwa kutatseka.

Mtengo umene ananena sindinanenerere. Ndikupemphani inunso kuti pa anthu amenewa musamachite ngati mukugula tomato. Munthuyo akupatsani tsiku lake lonse, miyendo yake ndi nzeru za malo zimene foni ilibe. Mukagwirizana, muuzeni ndi zimene mukufuna kuona komanso nthawi imene mukufuna kutsika.

Tinadutsa pafupi ndi damu la Mulunguzi, limene limamwetsa madzi mzinda wa Zomba. M'mawa umenewo madzi anali bata, kankhungu kakufuka pamwamba pake ngati nthunzi ya pa mphika. Ana anafuna titsike, koma wotiperekeza anati damu silithawa, tidzaima pobwerera. Tinapitirira ndi msewu wafumbi, pikapu ikudumphadumpha, amayi atagwiritsa chitseko ndi manja awiri. Tinadutsa kadamu kena kakang'ono ka Chagwa, kobisika m'mitengo, kenako msewu unatulukira poyera.

Malo oonera chigwa odziwika kwambiri ndi awiri ndipo ali moyandikana. Queen's View anaitcha choncho chifukwa cha mayi ake a Mfumukazi Elizabeth ya ku Britain. Mayiwo anacheza m'dziko muno mu 1957, likadali Nyasaland. Emperor's View ndi pamene anafikapo Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, atabwera mu 1965, ndipo a Rasta amapalemekeza mpaka lero. Ana anga anasangalala ndi nkhani ya mafumuyo. Amayi sanaimve n'komwe. Anali atatsika kale, ndodo m'manja, akulowera kumene udzu ukuthera.

Ndinawagwira mkono. Pansi pathu tauni yonse ya Zomba inali ngati timiyala tomwazika, malata akunyezimira. Kutsogolo chigwa chinali tayale mpaka ku Phalombe, ndipo kumapeto kwake Mulanje anaima yekha, wabuluu, mutu wake uli mbee wopanda mtambo. Kumanzere kunali chinthu chotuwa, chachitali, chowala ngati lata latsopano.

Amayi anakhala chete nthawi yaitali. Anachotsa magalasi, kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, kuwavalanso. Kenako analoza ndi ndodo.

"Icho ndi Chisi," anatero. "Si Chisi chimenecho?"

Wotiperekeza anavomera kuti ndi chilumba cha Chisi ndithu.

"Ndiye kuti Kachulu ali apo. Kwathu ndi apo, kuseri kwa kaphiri ako." Mawu awo ananjenjemera. "Mayi anga agona pamenepo."

Anakhala pansi pa mwala, ana n'kuwazungulira, ndipo anayamba kufotokoza zimene ine mwana wawo ndinali ndisanamvepo. Anakamba za 1968, ali kamtsikana, pamene nyanja ija inaphwa yonse mpaka anthu ankapita ku Chisi wapansi, matope atang'ambikang'ambika ngati chidendene cha mlimi. Anati matemba anasowa, mabwato anangokhala pamtunda, ndipo abambo ambiri a m'mudzi anapita kukapha nsomba ku nyanja zina. Anakambanso za 1995 pamene inaphwanso, ine ndili kusukulu. Mwana wanga wamkulu anafunsa kuti, "Agogo, nanga madziwo amabwereranso bwanji?" Amayi anatembenuka n'kumenya pansi ndi ndodo: "Amachokera kuno."

Ananena zoona. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imadalira mvula ndi mitsinje yotsika m'mapiri. Mulunguzi amayambira pamwamba pa phiri lomweli, kudutsa m'tauni n'kukathira mu Likangala, ndipo Likangala amakathera m'nyanjayo. Domasi nayenso amatsika pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa kulowera komweko. Zimenezi ndinaziphunzira kusukulu n'kuziiwala, koma pamwala paja zinali poyera, mtsinje uliwonse ukuoneka ndi mzere wa mitengo yobiriwira imene ikuutsatira m'chigwa.

Tinamwa tiyi pomwepo. Pofika chakuma 10 koloko timitambo tinayamba kukwera kuchokera m'munsi, ndipo titanyamuka, Mulanje anali atayamba kubisala. Anthu ena amene anafika pamene ife tinkachoka anapeza theka la zimene tinaona.

Pobwerera ndi pamene ndinaona bwino chimene nkhungu inandibisira ulendo woyamba. Mbali zambiri za phirili ndi zometedwa. Pamene panali nkhalango ya paini pali zitsa zakuda ndi moto, mitunda yathunthu ili mbee, ndipo phokoso la makina ochekera limamveka ngakhale Loweruka. Mitengo yachilengedwe yatsala m'makwawa ndi m'mphepete mwa mitsinje. Wotiperekeza anati ali mwana, pamsewu umene tinkadutsawo dzuwa silinkafika pansi. Ndinamufunsa ngati amadzala ina. Anati amadzala, iyenso anadzalako, koma moto wa chilimwe umapsereza mbande zisanakule. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe. Komabe sindingaloze chala amayi osenza nkhuni, chifukwa anayi mwa iwo ndi amene anatitulutsa m'tchire, ndipo makala amene timaphikira kwathu ku Blantyre nawonso amachokera ku mitengo ya kwinakwake. Chimene mlendo angachite n'chochepa koma achite: osakoleza moto patchire, osataya chotsalira cha ndudu, ndipo mapepala ndi mabotolo abwerere nawo m'chikwama.

Mathithi a Williams, amene tinawasaka mpaka kuda chaka chatha, anali pafupi ndi msewu moti ndinadabwa kuti tinawaphonya bwanji. Madzi amatsika pa miyala yosanjikizana ngati masitepe n'kugwera m'kadziwe. Ndi ozizira zedi, oti ukaviika phazi umamva kuluma m'mano. Ana analowamo ndi makabudula, kukuwa, kutuluka, kulowanso. Miyala yake ndi yoterera chifukwa cha ndere, choncho mwana asakwere pamwamba payekha, ndipo mubweretse thaulo ndi zovala zosinthira. Amayi anakhala pamthunzi, anatunga madziwo m'manja n'kusamba kumaso, akunena kuti awa ndi madzi a kwawo, angowapeza asanafike. Chakudya muzichisunga chotseka. Anyani a paphiri paja anazolowera anthu, ndipo mmodzi anatsika mumtengo n'kutenga nthochi pa chitenje akunyumba atangotembenuka.

Ku dzenje la Chingwe sitinapite ndi amayi. Lili mbali ina ya phiri, chakumadzulo, msewu wake ndi wautali ndi woipa, ndipo wotiperekeza anatiuza mosabisa kuti kuphatikiza zonse tsiku limodzi n'kuzunza agogo. Ndinavomera. Dzenjelo ndi limene anthu amati kale ankaponyamo adani a mafumu ndi odwala khate, ndipo ena amati limakatulukira ku Shire. Pafupi pake pamaoneka chigwa cha Shire, ndipo pamakhala anyamata ogulitsa miyala yonyezimira yokumbidwa m'mapiri omwewo. Ngati muli achinyamata okhaokha ndipo mwagona pamwamba, lisungireni Lamlungu m'mawa. Ngati muli ndi okalamba kapena ana aang'ono, sankhani mbali imodzi ya phiri muione modekha.

Tinaima pa damu monga anatilonjezera, kenako tinagula magalagadeya, mapeyala ndi mbatata ya kachewere kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Zipatso zimasintha ndi nyengo, ndipo pali timabulosi tachikasu ta m'tchire timene simungatipeze m'misika ya ku Blantyre. Mukatipeza gulani, koma mutsuke musanapatse ana. Pofika 4 koloko tinali titatsika, dzuwa likadalipo.

Lamlungu tinalisiyira tauni. Zomba ndi yoyenda wapansi, ndipo mbali yakumtunda, kumene kuli nyumba zakale za boma, ili ndi mitengo ikuluikulu ndi bata limene simungalipeze ku Limbe. Linali likulu la dziko lino mpaka 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo aphungu anapitiriza kukumana kumeneko mpaka 1994. Tinawaonetsa ana nyumba yakale ya malamulo, tinapuma m'munda wa zomera wa boma umene Mulunguzi amadutsamo, ndipo potuluka tinaima pa chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda. Amayi anafuna msika basi. Anakasankha matemba a ku Chilwa, kuwanunkhiza, kufunsa wogulitsa kuti achokera doko liti, n'kugula ochuluka kuposa amene tikanatha kudya. Ngati mukubwerera ku Blantyre, nyamukani isanakwane 3 koloko kuti mukafike kukuwala, chifukwa msewu uja madzulo umadzadza njinga ndi anthu oyenda pansi.

A ku Lilongwe amene Zomba yawatalikira ali ndi Dedza, kumene kumazizira chimodzimodzi ndipo kufupi kwake kuli zojambula zakale za pamiyala za ku Chongoni, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. A kumpoto ali ndi Livingstonia ndi mathithi a Manchewe. Mulanje ndi wina, ndipo kwa masiku awiri okha Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula likukwanirani, za Sapitwa ndi mamita ake 3,002 zimafuna masiku ambiri ndi miyendo yokonzeka. Kulikonse kumeneko juzi, kulawirira ndi munthu wa komweko wokutsogolerani zimafunika mofanana.

Amayi tinawaperekeza pa depoti n'kuwakweza galimoto ya ku Kachulu, matemba awo ndi thumba la mbatata zili pamiyendo. Lachitatu lotsatira anandiimbira foni dzuwa litapendeka. Anati ali pakhonde ndi anzawo awiri a kutchalitchi, ndipo akhala akuliyang'ana phirilo kuyambira masana. "Ndapapeza pamene tinaima paja," anatero. "Ndi pamene phiri likuduka chakumanzere. Ndikuwalozera anzangawa, koma akuti ndikunama. Tauzani ndinu." Anapereka foni kwa mmodzi wa iwo, ndipo ndinamufotokozera zonse kuyambira pa damu.